Masiku Atatu pa Cipale ca ku Lesotho

Ife amene tinabadwira m'dziko lofunda timayesa kuti cisanu timacidziwa. Timadziwa mphepo ya June ndi July imene imang'amba milomo ndi zidendene za ana, timadziwa cisanu ca m'madambo cimene cimawaula masamba a nthoci usiku umodzi, ndiponso matalala amene amaboola fodya m'munda. Koma cipale cofewa, cimene ambiri a ife tinayamba kumva dzina lace m'chalichi kapena m'mabuku a sukulu, n'cinthu cina ndithu. Ndipo masewera otsetsereka pa cipaleco ndi matabwa awiri omangidwa ku mapazi, amene eni ace amawacha ski, timawayesa a anthu a kutsidya kwa nyanja okha. Masewerawa alipo ndi kuno kumwera kwa Afirika, ndipo ine ndinakawaphunzira m'mwezi wa July caka ca 2019, pamene anzanga anandinyengerera kuti tikathere chuthi cathu ku mapiri a Maloti, m'dziko la Lesotho.

Dziko limeneli lazingidwa ndi South Africa mbali zonse, ndipo lonse lathunthu liri m'mwamba. Malo ace otsika koposa ali mamita 1,400 pamwamba pa nyanja, ndiko kunena kuti munthu woima m'cigwa ca ku Lesotho ali pamwamba kupambana woima pakati pa mzinda wa Lusaka. Ndipo phiri lace lalikulu, Thabana Ntlenyana, lifika mamita 3,482. Tinanyamuka m'bandakuca ku Johannesburg, kumene tonse tinali kugwira nchito. Tinapyola Bethlehem ndi Fouriesburg, tinaonetsa ziphaso zathu pa cipata ca Caledonspoort, ndipo titapitirira Butha-Buthe galimoto inayamba kukwera mseu wokhotakhota wa Moteng Pass. M'mbali mwa mseu tinali kuona abusa a nkhosa atafunda mabulangete ocindikala, nkhope zao zitabisika m'zipewa za ubweya, maso okha ali poyera. Dzuwa litapendeka tinafika pa malo ochedwa Afriski, pafupi ndi mpata wa Mahlasela umene uli mamita 3,222.

Ndinali kuyembekeza kuona dziko lonse loyera mbuu monga pa zithunzi, koma cimene ndinaona ndi mapiri a udzu wouma, ndipo pa phiri limodzi panali mzera woyera, wotalika ngati kilomita imodzi, wonga ufa woyanikidwa pa mphasa. Cifukwa cace n'cakuti ku Lesotho mvula yambiri imagwa m'dzinja monga kwathu komwe, ndipo miyezi yozizira imakhala youma. Cipale ca kumwamba cimagwa nthawi zina, koma sicidalirika. Cotero eni malowo ali ndi makina amene usiku, kukazizira kufikira madzi aundana, amafaza madzi m'mwamba ngati nkhungu, ndipo timadontho timeneto timaundana tisanafike pansi. Mpweyanso ndi wopepuka: umene munthu amakoka pa kupuma kumodzi ucepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja, kotero kuti kungosenza thumba kucokera pa galimoto kufika pa khomo ndinali wefuwefu ngati ndathamangitsa mbuzi.

Tsono ndinene za anzanga, pakuti nkhani yeniyeni iri pamenepo. Tinalipo asanu. Atatu anali odziwa kale: mlamu wanga, amene anali bwenzi langa la pa sukulu asanakwatire mlongo wanga, ndipo anaphunzira masewerawa zaka zimene anakhala ku Ulaya, ndi anzace awiri a ku nchito, mwamuna ndi mkazi. Osadziwa tinali awiri, ine ndi mnzanga wa Cibemba wa ku Kasama. Ndipo inu mudziwa cimene cimacitika Mbemba ndi munthu wa kum'mawa akakhala m'galimoto imodzi maora asanu: nkhani ya anyani ndi mbewa siicoka pakamwa. Akale anati liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi. Ife sitinayambire limodzi, ndipo ulendo wotere uli ndi msampha umene suoneka pamene mupangana kunyumba. Odziwa alipira ndalama zao kuti akasangalale pamwamba pa phiri, koma aopa kuoneka ngati ataya anzao; osadziwa aopa kusanduka katundu, ndiponso aopa kusekedwa. Ali yense amabisa mantha ace, ndipo onse amanena mau amodzi, kuti tidzacitira pamodzi.

M'mawa mwace tinapita ku nyumba yobwereketsa zipangizo. Majombo a masewerawa ndi a pulasitiki wouma gwa, ofika pakati pa msongolo, ndipo munthu akawamanga akakolo ace sapindikanso. Amayenda ngati makanja wa ku gule. Matabwa ace kunsi n'kosalala, kopakidwa phula, ndipo m'mbali zonse ziwiri muli kacitsulo kakuthwa kamene kamaluma cipale. A munthu woyamba amakhala aafupi, ofika pa cibwano akawaimika, cifukwa aafupi sabvuta kukhotetsa. Mnyamata wobwereketsa anandifunsa msinkhu wanga, kulemera kwanga, zaka zanga, ndiponso ngati ndinasewerapo kale. Mafunso amenewa si a mwambo cabe. Pa thabwa pali copanira cimene cimagwira jombo ku zala ndi ku cidendene, ndipo amacichera monga msampha, kuti munthu akagwa moipa cifwamphuke, thabwa licoke mwendo usanathyoke. Akacimanga kwambiri sicimasula pa ngozi; akacilekerera cimamasula pakati pa njira. Munthu wobisa kulemera kwace, kapena wodzicha katswiri asali katswiri, anamiza miyendo yace yomwe.

Titatuluka, mlamu wanga anati, "Alamu, ndalama za mphunzitsi sungani. Zimenezi n'zosabvuta. Tikwere, ndikakuonetsani pamwamba pomwepo, ndipo pofika pansi mudzakhala mutadziwa." Ananena ndi mtima wabwino, ndipo ndikhulupirira kuti iye mwini anawakhulupirira mau acewo. Ine ndinamfunsa funso limodzi: "Nanga munthu akafuna kuima amatani?" Anayang'ana mapazi ace, anagwedeza ciuno uku ndi uku, nati, "Mumangoima basi." Yankho limenelo ndilo linanditumiza kwa mphunzitsi. Mlamu wanga sanandimane nzeru ai. Nzeruyo inacoka kale m'kamwa mwace n'kulowa m'miyendo, monga mai amene waphika nsima zaka 30 sangakuuzeni kuti ufa amathira woculuka bwanji. Mnzanga wa Cibemba anaseka nati, "Mbuya, pitani ku sukulu ya mkaka, mukamwe phala. Ife amuna tapita ku phiri." Ndipo anakweradi.

Mphunzitsi wathu anali mnyamata wa Cisotho wosafika zaka 25, ndipo m'gulu lace munali ana asanu, amai awiri, ndi ine wa imvi m'ndevu. Anali kundicha "Ntate", ndiko kuti bambo, mau aulemu amene amamveka acilendo pamene mwini wace wagona cagada miyendo iri m'mwamba. Ora loyamba lonse sitinatsetsereke konse. Anatiyendetsa pa malo athyathyathya ndi thabwa limodzi, kenaka awiri. Anatiphunzitsa kukwera kamtunda cam'mbali monga nkhanu. Anatiphunzitsa kugwa, kuti munthu agwere cam'mbali pa nchafu ndi thako, asatsamire dzanja cifukwa cala cacikulu cimabinya msanga. Ndipo anatiphunzitsa kudzuka. Pamenepa anatiuza cinthu cimene mlimi ali yense acidziwa. Pa mtunda uli wonse pali njira imene madzi angatsate, kapena dzungu mutalikunkhuniza. Matabwa akaloza njira imeneyo amathawa. Akaipingasa, m'mbali mwace mutaluma cipale, amaima nji. Ndi nzeru yomwe ija ya alangizi a malimidwe, pamene amati mizera ya m'munda ipingase phiri kuti madzi asakokolole nthaka. Munthu wakugwa ayambe wabweza matabwa kumunsi kwa thupi lace atapingasa phiri, ndipo pamenepo adzuke. Akadzuka matabwa ataloza ku cigwa, miyendo imanyamuka yokha, mwini wace n'kutsala.

Pambuyo pace tinaphunzira kuima. Munthu amayandikizitsa nsonga za matabwa kutsogolo, zosagundana, natangadza zidendene, kotero kuti matabwawo aoneka ngati khasu la pulawo; akatangadza kwambiri liwiro limacepa kufikira aima. Zimenezi ndinazigwira msanga. Cobvuta koposa cinali mumtima. Munthu ali yense akaona phompho kutsogolo, thupi lace limabwerera m'mbuyo. Ndi nzeru imene tinabadwa nayo, ndipo potsika phiri la miyala ndi mtolo wa nkhuni imatipulumutsa. Pa cipale nzeru yomweyo ndiyo imagwetsa. Munthu akatsamira m'mbuyo, kulemera kwace kumacoka ku nsonga za matabwa, nsongazo sizilumanso, ndipo matabwa amathawa monga ng'ombe za pa ngolo woyendetsa akataya cingwe. Wofuna kuwalamulira ayenera kupinda maondo, kukanikiza misongolo pa majombo, kuika manja kutsogolo, ndi kupereka cifuwa cace ku cigwa comwe akuciopaco. Mphunzitsi anabwereza kosawerengeka, "Kutsogolo, Ntate, kutsogolo!" Mutu wanga unabvomera nthawi yoyamba yomwe, koma thupi linakana tsiku lathunthu ndi theka. Kukhota nakonso n'kozondoka: wofuna kupita kumanzere apondereze phazi lamanja, wofuna kumanja apondereze lamanzere. Ndipo maso asayang'ane mapazi kapena mpanda umene munthu auopa, pakuti matabwa amapita kumene maso ayang'ana, monga imacitira njinga pa kanjira ka m'munda.

Za kugwa sindiwerenga. Cipale ca makina m'mawa cimakhala couma ngati pa thanthwe, ndipo masana cimafewa ngati mcenga wonyowa, cotero kugwa kwa m'mawa kumapweteka, kwa masana kumanyowetsa. Kwathu munthu wamkulu akagwa pa njira ana amayang'ana kumbali, akulu anzace nathamanga ndi mau a pepani. Kugwa kwa bambo ndi nkhani ya mudzi wonse. Kumeneko ndinagwa pamaso pa ana, ndipo kamtsikana ka zaka ngati 6 kanaima pambali panga, kanatola ndodo yanga, kanandipatsa, n'kupitirira osanena kanthu. Ana amaphunzira msanga cifukwa pansi pali pafupi, ndiponso alibe dzina loti aliteteze. Wamkulu amagwa kawiri, thupi ndi ulemu womwe, ndipo ndiganiza kuti ambiri amene amaleka tsiku loyamba amaleka cifukwa ca kugwa kwaciwiriko. Komatu pa phiri palibe amene ali ndi nthawi yopenya mnzace. Ali yense watanganidwa ndi mapazi ace.

Dongosolo limene mnyamatayo anatsata, kuyamba ndi kuima, kenaka kukhota, liwiro pambuyo, liri ndi mbiri yace. Anthu a kumpoto kwa Ulaya ndi Asia akhala akuyenda pa matabwa zaka zikwi zambiri posaka nyama ndi pa maulendo, ndipo liu lakuti ski ndi la ku Norway, tanthauzo lace lakale ndi cikuni cowazidwa. Mlimi wosauka wa ku Morgedal m'cigawo ca Telemark, Sondre Norheim, anadabwitsa anthu a ku Christiania, mzinda umene lero ndi Oslo, m'caka ca 1868 ndi luso lace lokhota ndi kulumpha; ndipo Fridtjof Nansen atadutsa Greenland pa ski mu 1888, buku lace linafalitsa masewerawa m'maiko ambiri. Koma amene anachuka ndi maphunziro otsatana bwino, phunziro liri lonse lomangidwa pa linzace, anali Hannes Schneider wa ku St. Anton m'dziko la Austria, m'zaka za m'ma 1920. Ine ndiyesa kuti nchito yace inaposa ya akatswiri olumpha, pakuti katswiri amaonetsa kumene munthu angafike, koma mphunzitsi ayenera kukumbukira kumene mantha amayambira.

Masana a tsiku loyambalo tinakomana pa nyumba yodyera, ndipo mnzanga wa Cibemba analibe nthabwala. Ndinamva pambuyo pace kuti atafika pamwamba nayang'ana pansi, miyendo inakana. Mlamu wanga anali kupfuula malangizo asanu nthawi imodzi, anzace aja anali kuonjezapo ao, ndipo iye atayesa analunjika ku cigwa nagwa kolimba. Copanira cinagwira nchito yace, mwendo unapulumuka. Koma iye anabvula thabwa lotsalalo, nasenza onse awiri pa phewa, natsika wapansi m'mbali mwa mzera, kilomita yathunthu m'majombo aja, anthu okwera phiri akumpenya. Usiku umenewo panali mau. Iye anati anamtengera pamwamba dala kuti amseke. Mlamu wanga anati wataya m'mawa wonse pa munthu wosamva. Cibwenzi ca zaka zambiri cinacita mng'alu, ndipo mnzangayo anayamba kufunsa za galimoto zobwerera ku Butha-Buthe. Cimbuya cimaseka ndi pa maliro pomwe, koma usiku umenewo anyani anga ndinawasunga m'thumba.

Amene anaweruza mlanduwo anali mai uja wa ku nchito kwa mlamu wanga, munthu wa mau ocepa. Anati m'mawa gulu liri lonse lipite kwace, odziwa ku phiri, osadziwa ku sukulu, popanda wina kumva cisoni kapena manyazi. Masana tidyere pamodzi. Ndipo ora lotsiriza tonse tikhale pa kamtunda ka oyamba. Anaonjezapo lamulo limodzi, kuti pa ora limenelo odziwa aloledwa kudzutsa wakugwa, kutola ndodo ndi kujambula zithunzi, koma pakamwa atseke.

Tsiku laciwiri mnzanga anabwera ku sukulu ya mkaka naima kumbuyo kwa ana. Mphunzitsi sanamfunse za dzulo. Popeza ndi munthu wa mpira, miyendo yace inamva msanga kupambana yanga, koma pa kukhota anacedwa. Anandinong'oneza kuti, "Mbuya, paja pokhota mumatani?" Ndipo ine amene ndinaphunzira dzulo lace lomwelo ndinayang'ana mapazi anga, ndinagwedeza ciuno uku ndi uku, mau osabwera.

Popumula, mphunzitsi anatilozera tinyumba ta miyala pa phiri la kutsidya, kumene abusa amagona ndi ziweto zao kutali ndi midzi. Kwa iwo cipale ndi mdani: cikagwa cambiri cimakwirira msipu, cimatseka miseu, cimapha nkhosa, ndipo nthawi zina ndi abusa omwe. Ife tinalipira ndalama kuti tigwerepo. Sindinadziwe comuyankha, ndipo iye sanali kufuna yankho. Anangotikumbutsa kuti tibvale magalasi akuda ndi kudzola mafuta pa milomo, cifukwa dzuwa la pamwamba potero, likanyezimira pa cipale, limatentha maso ndi khungu ngakhale la munthu wakuda.

Tsiku lacitatu masana mphunzitsi anatilola kukwera. Cokokera anthu ndi cingwe cacitsulo coyenda cokha, cimene cimalendewetsa ndodo zonga T wozondoka. Anthu awiri amaima mogundana mapewa, mtanda wa ndodoyo umawagwira kumbuyo kwa nchafu, ndipo amakokedwa matabwa ali pansi. Lamulo lace ndi limodzi, kuti munthu asakhalepo, pakuti si mpando. Wokhala amagwa, namgwetsanso mnzace. Ndinakwera ndi mnzanga wa Cibemba, ndipo njira yonse sitinalankhule, ali yense akupemphera kuti asakhale iye woyamba.

Pamwamba mphepo inali kuluma makutu, ndipo mapiri anali ndandanda kufikira kumene maso alekeza, opanda mtengo ndi umodzi womwe. Nditayang'ana pansi, nyumba zinaoneka ngati timabokosi ta macesi, ndipo ndinamvetsa cimene cinagwira miyendo ya mnzanga tsiku lija. Mphunzitsi anati tisayang'ane pansi pa phiri, tiyang'ane kutsidya kwa mzera, pamene tidzakhotera. Phiri lonse palibe amene amalitsika, munthu amatsika kukhota kumodzi, kenaka kwina. Tinayamba kupingasa monga imatsikira ng'ombe pa mtunda, uku ndi uku.

Pa mapiri onse a masewerawa pali lamulo lakuti wakutsogolo ndiye mwini njira, ndipo wocokera kumbuyo ndiye ayenera kumlambalala. Koma woyamba akamva mkokomo wa matabwa kumbuyo kwace amaiwala lamulolo, naumitsa thupi. Nditakhota kacitatu ndinazindikira kuti mkokomo wa kumbuyo kwanga ndi umodzimodzi, wosayandikira ndiponso wosatalikira. Anali mlamu wanga. Munthu amene amatsika mzera umenewo mphindi ziwiri anali kutsata pang'onopang'ono, manja atatambasula, kuchinga anyamata aliwiro kuti apite kumbali, ndipo sananene liu ndi limodzi lomwe. Ca pakati pa phiri panafika nthawi yaifupi imene ndinaleka kuwerenga malamulo. Ndinapondereza phazi lamanja, matabwa anatembenuka okha, ndinapondereza lamanzere, anatembenukanso. Panalibe phokoso lina koma kusiii kwa cipale pansi pa mapazi, ndipo thupi langa la zaka zambirili linapepuka ngati la mwana wotsetsereka pa culu ndi khungwa la mtengo. Ndinakhota kasanu motero. Pa kacisanu ndi cimodzi ndinakumbukira kuti ndiri pa phiri, ndipo ndinakhala pansi.

Tinafika pansi patapita theka la ora. Pobweza majombo, nsapato zanga za masiku onse zinamveka ngati sindinabvale kanthu, ndipo nchafu zinali kunjenjemera zokha. M'mawa mwace, galimoto ikutsika Moteng Pass, mnzanga wa Cibemba anatsegula diso limodzi nati, "Mbuya, ndinawerenga bwino. Dzulo inu munagwa kanai, ine katatu. Mukafika ku Chipata mukanene zoona." Mlamu wanga anafunsa ngati caka camawa tidzatenge ndi ana omwe, ndipo tinayamba kukangana za amene adzalipira mphunzitsi.